Ndinakakhala pa thawale limodzi ku Mfuwe m'mawa wonse, mu July

Nditanena kunyumba kuti holide ya Heroes ndi Unity ndikupita ku Mfuwe kukaona mbalame, amai anandiyang'ana kaye nthawi yaitali ndithu, kenako ati, "Kodi mbalame zatha kuno ku Kapata?" Mng'ono wanga anaseka mpaka kutsamwa tiyi. Koma atamva kuti alamu ndi amene atitenga pa galimoto kulowa mu paki anasintha pompo, ati nayenso apita, iye akufuna mkango, olo umodzi chabe woti aike pa status.

Ndiyambe ndaulula kuti ine ndi mbalame tinali pa udani. Ndinakula ndi legeni m'khosi ngati mkanda, tchuthi chilichonse kumudzi kwa ambuya tinali kusaka njiwa, apumbwa, mpheta, timba, chilichonse chokhala ndi nthenga, kuotcha pa moto wa zitsononkho n'kugawana kamwendo kamwendo. Maina ambiri a mbalame ndinawamva kwa ambuya omwewo, koma mbalame yeniyeniyo sindinaiyang'anepo kupitirira nthawi yokokera mphira. Ndiye zoti munthu wamkulu, wandevu zake, angakhale pansi kumangoyang'ana mbalame osaiponyera mwala, ndinkaziona ngati matenda a azungu. Amene anandipatsira matendawa ndi alamu, amuna a mlongo wanga, omwe amagwira ntchito yoperekeza alendo mu South Luangwa. Chaka chatha anabwera ku maliro kuno ku Chipata, tili pa moto usiku kunalira kambalame kumtengo, iwo n'kutchula dzina lake, zomwe kamadya, ndi mwezi womwe kamaikira mazira, osakaona n'komwe. Zinandipweteka mumtima penapake. Munthu wa ku chigwa kudziwa mbalame za pakhomo pathu kuposa ine mwini khomo.

Ulendo wa Chipata kufika Mfuwe ndi makilomita pafupifupi 130, ndipo masiku ano ndi tala, osati zija za kale zofika uli mbuu ngati wagona mu chigayo. Umatsika mapiri, kudutsa kwa Jumbe, Masumba, ndipo ukamatsika umamva mphepo ikusintha chifukwa Chipata ili pamwamba, mamita opitirira 1,000, pomwe chigwa cha Luangwa chili pafupifupi theka la pamenepo. Apa ndi pomwe ndinapusa. Ndinati ku chigwa kumatentha, aliyense amadziwa, jekete ndi la chani, ndinangotenga kajuzi kamodzi kopyapyala. Abale, kutentha kuja mumakumva ndi kwa October. July m'mamawa cha m'ma 05, uli pa galimoto yopanda denga, mphepo ikuchokera ku madzi, makutu amachita ngati si ako. Mlongo wanga anandibwereka chitenje ndi bulangete la mwana lokhala ndi zithunzi za zidole, ndipo ndinalowa pa geti ya paki nditadzikulunga ngati ambuya a pa maliro. Mng'ono wanga anajambula, chithunzicho chikuzungulirabe pa gulupu ya banja mpaka lero.

Geti amatsegula 06, ndipo ife eni dziko timalipira ndalama yochepa kusiyana ndi alendo akunja, bola osaiwala NRC. Ndikunena izi chifukwa anthu ambiri kuno timaganiza kuti malo aja ndi a madola okhaokha. Pakiyi inakhala national park mu 1972, ndi yaikulu ma square kilomita 9,050, ndipo muli mitundu ya mbalame yopitirira 400. Ine wobadwira makilomita 130 chabe kuchokera pa geti ndinali ndisanalowemo chibadwire.

Tili pa mlatho wa Luangwa dzuwa lisanatuluke bwino, nkhungu ili yandayanda pamwamba pa madzi, mvuu zili mbwee ngati miyala, alamu anazimitsa injini n'kunena kuti, "Alamu, musayang'ane kaye, mverani." Ndipo inalira nkhwazi. Tonse timaidziwa nkhwazi, ili pa mbendera, ili pa ndalama, kuli timu ya mpira ya dzina lomwelo, koma ine kulira kwake ndinkangokumva pa wailesi ndi pa TV. Inali pa mtengo wouma tsidya lina, ikamalira imaponya mutu chagada mpaka mlomo kuloza kumwamba, ina n'kuyankha chapatali. Alamu ati zimakhala ziwiriziwiri, yaikazi ndiye yaikulu thupi, ndipo nyengo yozizira ino madzi akamatsika ndi pomwe zimakhala pa chisa. Mng'ono wanga anafunsa kuti mikango ili mbali iti.

Manje ndifotokoze za matawale, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepo. Luangwa si mtsinje woyenda chingwe, umakhotakhota ngati njoka, ndipo dothi la chigwa ndi lofewa. Nthawi ya dzinja madzi akadzaza amagumula gombe la kunja kwa khona n'kumaunjika mchenga mkati mwake, chaka ndi chaka khona lija limakula mpaka tsiku lina mtsinje umangodula njira yachidule, n'kusiya khona lonse lili lokha ngati uta. Limenelo ndiye thawale, agaidi amati lagoon. Lina lotchuka amalitcha Luangwa Wafwa, kutanthauza Luangwa wakufa, mtsinje womwe unasiyidwa. Mvula ikagwa mtsinje umasefukira n'kudzazanso matawalewa, nsomba zimalowa kukaswana, ndowe za mvuu zimanenepetsa madzi, udzu ndi kakombo zimamera. Ndiye kuyambira May mvula ikasiya, madzi amayamba kuphwa pang'onopang'ono, nsomba zija njira yobwerera ku mtsinje yatsekeka. Zonsezi zimatheka chifukwa Luangwa sanautchinge ndi damu, ukusefukirabe mwa iwo wokha, ndipo mu 2019 boma linaimitsa mapulani a damu la ku Ndevu Gorge anthu atadandaula. Chigwa chosefukirachi chinalembedwanso mu 2007 pa mndandanda wa Ramsar, wa madambo ofunika pa dziko lonse.

Chinthu china chomwe sindinkachidziwa n'chakuti nyengo yathu yozizira ndi nthawi yomwe mbalame zachilendo kulibe. Anamzeze aja timawaona ali ndandanda pa mawaya a magetsi nthawi ya Khrisimasi, ambiri mwa iwo ndi ochokera ku Ulaya, amathawa chisanu cha kwawo n'kufika kuno cha mu October ndi November, ndipo pofika April anyamuka kubwerera kukaswa. Adokowe oyera chimodzimodzi. Ndiye munthu wa ku England akamati winter birdwatching amanena zokaona abakha ndi atsekwe obwera kuchokera kumpoto kozizira kwambiri, pomwe ife kuno July ndi mwezi wa eni mudzi okhaokha. Alamu ati anthu openga nazo mbalame amakonda kubwera dzinja kuti mndandanda wawo utalike. Koma ati kwa wophunzira ngati ine July ndiye wabwino, udzu wagwa, masamba ayoyoka, misewu yauma, ndipo mbalame za m'madzi zimachita kudzisonkhanitsa zokha pomwe patsala madzi.

Tinafika pa thawale lina laling'ono, sindilitchula dzina chifukwa alamu ati chaka chilichonse phwando limasamuka, zimatengera kuti ndi liti lomwe laphwa kufika pa mlingo wake. Anaimika galimoto pansi pa mtengo wa mchenja, n'kuzimitsa, n'kutulutsa fulasiki. Ndinafunsa kuti tikhala mphindi zingati. Ati, "Mpaka mutopa."

Poyamba ndinangoona chipwirikiti choyera ndi chakuda m'matope, ndi fungo, eee fungo la nsomba ndi ndowe za mvuu losakanikirana. Mabainokula anga ndinagula pa salaula, diso limodzi limaonetsa bwino linalo ngati ukuyang'ana m'botolo la mafuta ophikira, ndiye alamu anandibwereka awo. Nditangoika m'maso chipwirikiti chija chinasanduka anthu osiyanasiyana, aliyense ndi ntchito yake.

Ambiri anali adokowe a milomo yachikasu, yellow-billed stork, nkhope yofiira ngati apaka penti, nthenga zoyera zothimbirira pinki pang'ono. Kagwiridwe kawo ka nsomba ndi komwe kanandigwira mtima. Sayang'ana ai, madzi ake ndi phala lenileni palibe chooneka. Amamiza mlomo uli chiyasamire, n'kumayenda pang'onopang'ono, mwendo umodzi ukuvundula matope, nthawi zina n'kutambasula phiko limodzi mwadzidzidzi, ndipo nsomba ikangokhudza mlomo, khapu, watseka. Ndinasankha mmodzi n'kumutsatira yekhayo. Anayenda mwina masitepe khumi osapeza kanthu, kenako anatulutsa kamlamba kotalika ngati chikhatho changa, kakupiringizika, ndevu zake zili balala. Sanakameze pompo. Anakatembenuza, kukagwetsa, kukatolanso, kukamenyetsa, alamu ati akufuna kufooketsa minga ija ya m'mbali, ija imatibaya tikamakonza milamba, kuti kalowe mutu poyamba. Akulimbana nako choncho kumbuyo kwake kunali kutaima chimbalame china chonyansa, marabou, mutu wadazi wa zipsera, chithumba chapinki chili lende pakhosi, mapewa okwera ngati mkulu wovala jekete la maliro. Chinangoyenda masitepe atatu mwaulemu wake, dokowe uja anataya nsomba n'kuthawa, icho n'kumeza kamodzi. Mng'ono wanga, yemwe anali atakwinya nkhope chifukwa cha mikango yake, anakuwa kuti "Kawalala!" mpaka alamu anamugwira phewa kuti atsitse mawu. Kuyambira pamenepo foni anaiika m'thumba.

Chapakati pomwe madzi anali akuyako kunali avuwo. Amenewa amagwira ntchito ngati anthu okoka khoka, amafola mzere wokhota, kusambira limodzi kukankhira nsomba kosaya, kenako onse pamodzi mitu m'madzi, onse pamodzi mitu m'mwamba, ngati pali wina akuwaimbira wisulo. Thumba la pansi pa mlomo lija si losungiramo chakudya cha mawa monga tinkanamizana tili ana, ndi ukonde chabe, amatunga madzi ndi nsomba, kukhetsa madziwo, n'kumeza. Agaidi chinthu chonsechi amachitcha fishing party. Ndipo ng'ona zinali momwemo, maso okha pamwamba, nazonso zikudya milamba yomweyo, mbalame zikungozilambalala pang'ono ngati mmene timalambalalira chidakwa pa msika.

Koma mbalame yomwe yandipangitsa kulemba zonsezi ndi ina, yakuda, yosaoneka bwino n'komwe. Inali m'mphepete mwa thawale yokhayokha, ndipo mlomo wake ukatseka pakati pamatsala mpata, ngati chitseko chopindika. Alamu ati openbill. Ine pakamwa panangotuluka pokha kuti, "Chiswankhono!" Dzina limeneli ndinalimva kwa ambuya zaka zoposa makumi awiri zapitazo, ankatchula akamanena munthu wokonda kudya yekha, ndipo sindinaganizepo kuti ndi mbalame yeniyeni yoti ndingaione ndi maso. Tinaiyang'ana ikuzula nkhono m'matope, kupita nayo posaya, kuipanikiza pansi, n'kulowetsa nsonga ya mlomo wam'munsi mkati mwa chigoba, kugwedeza mutu pang'ono, nyama yonse n'kutuluka. Chigoba chinatsala chathunthu. Ndiye ndinawauza alamu kuti dzina lathuli likunama, mbalameyi sikuswa nkhono, ikuchita kuisolola. Iwo anaseka ati ngakhale azungu kale ankaganiza kuti mpata uja ndi wophwanyira, ngati pulayala, anadzazindikira mochedwa. Tinakangana pang'ono, ine ndimati makolo anaona zigoba zili mbwee pomwe yadyera n'kuganiza kuti yaswa, iwo amati mwina kuswa kwake ankanena kutsegula. Sitinagwirizane. Koma taonani, amene anatcha dzinali anakhala pansi n'kuona kuti mbalameyi chakudya chake ndi nkhono basi, analibe mabainokula, analibe buku. Chimodzimodzi fulagombe, kambalame kofula dzenje m'gombe la mtsinje n'kuikiramo mazira, dzina lokhalo lakuuza kale komwe ungakapeze. Ine ndinali ndi maina amenewa m'mutu ngati makiyi a nyumba yomwe sindinafikeko.

Dzuwa litakwera pang'ono, cha m'ma 08, bulangete la zidole ndinalichotsa. Apa ndi pomwe tinthu ting'onoting'ono tinayamba kuoneka. Pa masamba oyandama panali kambalame kofiirira, khosi loyera, chipumi chabuluu, zala zake zazitali ngati za kangaude, kakuyenda pamwamba pa masamba osamira. Jacana. Alamu anandiuza kuti ndiyang'anitsitse pansi pa mapiko a kamodzi komwe kanali kataima modabwitsa, ndipo ndinaona timiyendo tambiri tikulendewera, ngati mbalame ya miyendo eyiti. Anali abambo atanyamula ana m'khwapa. Kwa mbalame imeneyi yaikazi ndi yaikulu, imakhala ndi amuna angapo, imaikira mazira n'kuchoka, wofungatira ndi kulera ndi mwamuna. Mlongo wanga titamufotokozera madzulo anati imeneyo ndiye mbalame yoyenera kuikidwa pa mbendera.

Panalinso nantchengwa, uja wa mutu ngati hamala. Kumudzi tinkamuopa, ankati ukapasula chisa chake uchita misala kapena nyumba ipsa ndi mphezi, ndipo ndi mbalame yokhayo yomwe legeni yanga sinailozepo. Chisa chake tinachiona pa mphanda ya mtengo, chimulu cha tinkhuni, udzu ndi matope, chofoleredwa pamwamba, khomo lili cham'munsi, cholimba moti munthu wamkulu atha kuimapo. Kambalame kosaposa nkhuku kumanga chinyumba chotero, n'zosadabwitsa kuti makolo anati pali mankhwala. Ndikaganiza bwino, mantha aja ndi omwe anamusunga nantchengwa m'midzi mwathu, pomwe anzake tinawamaliza.

Zina ndingozitchula mothamanga. Akakowa a mitundu itatu kapena inayi, oti kale ndinkangoti onse ndi kakowa. Atsekwe a ku Egypt, aphokoso ngati mabanja a pa mdadada wa lendi, kukangana kosatha. Dokowe wina wamtali pafupifupi mita ndi hafu, saddle-billed, mlomo wofiira ndi wakuda ndi kachikasu pamwamba, yemwe wamkazi umamudziwa ndi maso achikasu pomwe wamwamuna maso ndi akuda. Nkhanga zinabwera kudzamwa zili pa mzere, nseula ndi mphala zili chapatali, njovu zinayi zinadutsa kuseri kwathu ndipo ndikunena zoona, ndinangozicheukira kamodzi n'kubwerera ku chiswankhono changa. Tili mkati motsegula mabanzi, pusi anatsika mu mchenja muja n'kulanda pepala lonse m'manja mwa mng'ono wanga, tinamwa tiyi wopanda chotafuna.

Tinakhala pa thawale lija maola anayi. Magalimoto ena amafika, kuima mphindi zitatu, alendo kujambula, gaidi n'kufunsa alamu ngati taona kambuku, n'kupitirira. Sindikuwanena, munthu walipira ndalama zambiri ndipo ali ndi masiku awiri, afuna aone za pa kalendala. Koma kumeneko ndiye kulakwitsa komwe nanenso ndikanachita. Pa mphindi zitatu umaona mbalame zitaima m'madzi basi. Kuti uone kuti uyu ndi wakuba, uyu ndi mlenje, awa ndi a khoka, uyu akulera ana, pamafunika matako.

Tsiku lachiwiri tinapita ku Nsefu, chigawo cha paki chomwe chili tsidya lino la mtsinje, kum'mawa. Malo amenewa ali ndi mbiri yake, ndi komwe Norman Carr anagwirizana ndi mfumu Nsefu ya Akunda cha mu 1950 kuti apatule dziko lina losungira nyama, alendo azilipira ndipo ndalama zizipita kwa anthu a mfumu. Ku Nsefu kuli mitengo yomwe adokowe a milomo yachikasu aja amaswerana mazanamazana. Ife tinapeza nyengo ikutha, mitengo ili yoyera ndi zitosi ngati yathiridwa laimu, ana ambiri atauluka kale, otsala ali otuwa, akuphunzira kukupiza mapiko pa nthambi, pansi amarabou akuyendayenda kudikira amene agwe. Alamu ati ukabwera cha mu May phokoso lake sumvana.

Kenako tinalowa mkati, kudutsa nkhalango ya mitsanya yomwe njovu zinaithyola mpaka kuoneka ngati munda wa zitsa, kashembe akutiluma kudutsa jinzi, mpaka tinatulukira pa chidambo cha mchere pomwe pali kasupe wa madzi otentha. Ndipo apo panali ma crowned crane. Ndinayesa kuwerenga, ndinafika pa 100 ndi kanthu n'kusokonezeka chifukwa ena amatera ena amanyamuka. Amene munaonapo mbendera ya Uganda mukuidziwa mbalameyi, yotuwa, tsaya loyera, kofiira pakhosi, pamutu chisoti cha tinthenga tagolide ngati tsache latsopano. Dzinja zimabalalika ziwiriziwiri m'madambo kukaswa, chilimwe zimasonkhana malo ngati amenewa. Ziwiri zinayamba kuvina patsogolo pathu, kuwerama, kudumpha mapiko ali tambasu, kutola kaudzu n'kukaponya m'mwamba, zina za pambali n'kutengeka nazo ngati mmene chimtali chimayambira ndi anthu awiri. Kulira kwake ndi komwe sindingakuiwale, m'makutu mwanga kumamveka ngati "owani, owani," mawu a mphuno, achisoni pang'ono, ndipo gulu lonse likayamba limamveka kutali. Ndinajambula mawuwo pa foni popeza zithunzi zanga zonse zimatuluka timadontho. Alamu anandiuza kuti kuyambira 2012 mbalameyi ili pa mndandanda wa zomwe zili pa ngozi yotha, chifukwa madambo omwe imaswerako tikuwasandutsa madimba, ena amazithirira poizoni zikamadya mbewu m'minda, ena amagwira ana ake kukagulitsa. Ndinakhala chete, chifukwa dimba la tomato la kwathu lili pakati penipeni pa dambo, ndipo ndi lomwe linandilipirira sukulu.

Madzulo ake tinaima pa gombe la Luangwa. Pa mchenga pakati pa mtsinje panali timbalame takuda pamwamba toyera pansi, milomo yofiira, ma skimmer, tomwe mlomo wam'munsi ndi wautali kuposa wam'mwamba. Timauluka chapansipansi mlomo wam'munsiwo ukung'amba madzi ngati khasu la ng'ombe, kusiya kamzere, ndipo ukagunda kansomba mutu umagwa pansi n'kutseka. Timaikira mazira pa mchenga weniweniwo madzi akatsika, n'chifukwa chake mtsinje wosefukira ndi kuphwa pa nthawi yake ndi moyo wawo. M'gombe munali maenje a afulagombe a chipumi choyera omwe amakhala chaka chonse. Aja ofiira kwambiri, ma carmine, omwe amadzaza gombe lonse mpaka kuoneka ngati layanikidwa zitenje, anali asanafike, amayamba kubwera kumapeto kwa August ndi mu September. Kadzidzi wamkulu wofiirira wodya nsomba, Pel's fishing owl, tinamufunafuna m'mitengo ya mchenja mpaka khosi kuwawa, osamuona. Alamu ati alipo, anationa ndi iyeyo.

Mkango tinauona, kuti mng'ono wanga asandidye. Unali utagona chagada pansi pa chitsamba, miyendo m'mwamba, sunagwedezeke n'komwe mphindi khumi zonse. Iye anajambula, anaika pa status, koma m'basi pobwerera nkhani yomwe amauza munthu wokhala naye pampando inali ya marabou wakuba uja.

Titafika ku Chipata usiku, kukuzizira kuposa ku chigwa, amai anafunsa ngati tabweretsako nsomba zouma. Tinalibe. Ndinawaonetsa zithunzi za timadontho tija, sanachite nazo chidwi, ati maso awo ndi okalamba. Ndiye ndinawatsegulira mawu aja ndinajambula ku dambo la mchere. Anasiya kupala poto. Ati, "Izi zinkalira ku dambo la kwathu tili atsikana, m'mamawa tikamapita kotunga madzi, zinkakhala ziwiri chaka chilichonse kuseri kwa chulu chija pali dimba pano." Ndinawafunsa kuti zinasiya liti kubwera, anaganiza, n'kunena kuti sakukumbuka, munthu sudziwa tsiku lomwe chinthu chasiya kulira. Dzina lake ati lili pa nsonga ya lilime, likubwera, ndidikire. Anapukuta manja pa chitenje, n'kutenga foni ija okha, ati ndiwaonetse podina kuti ziyambirenso.